Phulusa la Lachisanu

Madenga a Kunyanja,
P.O. Box 112,
Mangochi.

10 Novembala 1991

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi Amayi ndi onse kumeneko ku Thyolo. Kalata yanu ya mu Ogasiti ndinailandira, ndipo ndikudziwa kuti mwadikira yankho mpaka kutopa. Sikuti ndinkadwala ayi. Ndinkatenga cholembera n'kulemba moni, kenako n'kusowa chonena chimene sichikanakhala bodza. Lero chonena ndili nacho, ndipo n'chachitali, choncho Amayi ayambe akuthirirani tiyi.

Munandipempha kuti ndikufotokozereni bwinobwino ntchito yanga, poti anthu akakufunsani ku tchalitchi mumangoti, "Ali ku Mangochi, amapanga za sayansi." Ntchito yake ndi iyi. A Faizal, amene ali ndi chigayo cha mpunga kuno, anayambitsa kampani yaing'ono chaka chatha. Cholinga chawo n'kupanga matailosi ofolerera nyumba osalira simenti yambiri. Mankhusu a mpunga, amene amangotayidwa kuseri kwa chigayo, ukawatentha bwino, phulusa lake ukalisakaniza ndi laimu ndi madzi limagwirana ngati simenti. Timathiramo mchenga ndi ulusi wa khonje, n'kuumba. M'mabuku zimenezi zinalembedwa kale, koma kuno palibe amene anazichitapo, ndiye anandilemba ntchito kuti nditsogolere kagulu kofufuza mpaka tipeze kapangidwe kake kenikeni. M'kagulumo tilimo anayi: ine, Jeremiya, amene anaphunzira zomangamanga ndipo amayesa kulimba kwa matailosi, Leticia, mayi wothawa nkhondo ku Mozambiki, amene amasefa phulusa, ndi Che Sulemani, bambo wa msinkhu wanu wa kwa Mponda, wosonkha moto pa ng'anjo yotenthera mankhusu.

Mu Meyi, bungwe lina lothandiza anthu othawa kwawo linatiuza kuti likumanga sukulu ya zipinda zinayi ku msasa wina wa kumalire, kupitirira Namwera. Anati adzafolera ndi matailosi athu ngati matailosi khumi amene adzasankhe okha adzanyamula makilogalamu 50 lililonse osathyoka. Tsiku loyesa anaika 4 Novembala, kuti denga likhale pamwamba mvula isanakhazikike. Tikanalephera, sukuluyo ikanakhala yosafolera mpaka chaka chamawa, poti malata akusowa, ndipo a Faizal anandiuza mosabisa kuti kafukufuku wathu akanathera pomwepo. Ana awiri a Leticia amakhala ku msasa umenewo kwa mkulu wake. Amaphunzira pansi pa mtengo wa mango, ndipo mvula ikayamba sukulu imatha.

Vuto linali lakuti matailosi athu sankafanana. Ena ankalimba moti Jeremiya ankaimapo ndi nsapato zake zomwe, ena ankangoti phwa ngati bisiketi. Ndinkalemba zonse m'buku: tsiku loumba, muyeso wa laimu, wa mchenga, wa madzi, masiku amene akhala m'thanki kuti akhwime. Chifukwa chake sichinkaoneka. Chipangizo choyezera kutentha kwa ng'anjo tinachiitanitsa mu Januwale, koma ndi nkhondoyi katundu sakudutsa bwino pa njanji ya ku Nacala, ndipo mpaka lero chikadali m'njira. Ndinayamba kuganiza kuti vuto ndine. Mukundidziwa, Bambo. Ngakhale tsiku lija lolandira digiri, inu mukuomba m'manja, ine ndinkadikira kuti wina aimirire n'kunena kuti alakwitsa dzina. Kuno ndinkaona ngati aliyense akudziwa kuti kamtsikana kameneka kakungoyerekeza, ndiye ndinkadzitsekera m'kachipinda koyesera ndi mabuku anga, osafunsa munthu kanthu, kuopa kuti funso lingandiulule.

Lachisanu lina mu Julaye, dzuwa lili paliwombo, injiniya wa bungwe lija anatulukira osatichenjeza. Ndinamuzungulitsa pamalo ponse, kenako ndinamutengera ku ng'anjo. Kunalibe munthu. Mabowo onse olowera mpweya anali omatidwa ndi dothi, utsi ukungofuka pang'onopang'ono. Mlendoyo anandiyang'ana n'kufunsa mwaulemu kwambiri, "Kodi moto wanu umadziyang'anira wokha?"

Jeremiya anandinong'oneza, "Apita ku mzikiti, lero ndi Lachisanu. Amatero sabata iliyonse."

Miyezi khumi ndikutsogolera anthu atatu okha, koma zimenezi sindinkazidziwa. Manyazi anandigwira, ndipo manyaziwo anasanduka ukali. Ndinati m'mtima, nachi chimene chakhala chikutiwonongera matailosi. Mlendo atangochoka ndinakhala pa taipi n'kulemba kalata ya Chingerezi yochotsa Che Sulemani ntchito chifukwa cha kusasamala. Sindinawadikire. Ndinapatsa mlonda kuti awapatsire pa geti akamabwera, chifukwa ndinkaopa kuwayang'ana kumaso.

A Faizal, amenenso ndi Msilamu, atamva anangoti, "Mayi, kagulu ndi kanu, sindilowererapo. Koma bambo aja ndawadziwa kuyambira ndili mwana."

Ndinawayankha kuti sayansi sidikira swala. Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwa mwana wanu.

Ng'anjo anaitenga Jeremiya. Tinatsegula mabowo onse, moto unkalilima tsiku lonse, ndipo phulusa linkatuluka loyera mbee, lokongola, moti ndinkalinyadira. Koma kuyambira mu Ogasiti palibe tailosi ndi limodzi lomwe limene linapitirira makilogalamu 30. Aja olimba aja anasowa onse. Ndinasintha laimu. Ndinasiya mchenga wa mu Shire n'kutumiza ngolo kukatenga wa kunyanja. Ndinadula khonje lalifupi, kenako lalitali. Milungu isanu ndi umodzi inatha choncho. Kalata yanu inandipeza m'masiku amenewo, muli kundiuza kuti mumandinyadira. Ndinaiika pansi pa mabuku.

Chimene chinatipulumutsa ndi mapoto, Bambo. Amayi oyandikana nafe amabwera masana ndi timabeseni kudzapempha phulusa lotsukira ziwiya, ndipo amawagawira ndi Leticia. Tsiku lina mu Seputembala ndinali nditakhala pakhonde, mutu ukundipweteka, ndipo ndinamva mayi wina akuti, "Masiku ano ndiye mwatikomera mtima, anzathu. Phulusa lanu lonse likuluma. Kale mukatipatsa lija la Lachisanu, ee, kungopaka poto ngati ufa, mwaye uli pompo."

Atachoka ndinafunsa Leticia kuti phulusa la Lachisanu ndiye liti.

"Dona, simudziwa?" anatero. Amanditchula choncho, monga amachitira kwawo. "Lija Che Sulemani ankalisiya atamata mabowo. Linkatuluka Loweruka, lotuwa, lofewa. Pa sefa limadutsa lokha, manja osatopa. La masiku ena lija limakanda ngati mchenga."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Munandifunsa? M'buku mwanu muli malo a laimu, malo a mchenga, malo a madzi. Malo a Leticia sindinawaonemo."

Sananene mwachipongwe. Ananena akusefa, osandiyang'ana n'komwe. Kenako anadzuka, ndipo ndinaona kuti thumba limene amakhalira ngati mpando ndi la phulusa lomwe lija, latheka, limene amayi onse analikana. Ndinalitapa n'kulifikisa pakati pa zala. Zimene ndinaphunzira chaka chachitatu ku yunivesite zinabwerera zonse nthawi imodzi. Mankhusu akapsa ndi moto waukali kwambiri, phulusa lake limauma n'kukhala ngati tizidutswa ta galasi. Limatsuka poto bwino, koma siligwirananso ndi laimu. Moto wofatsa ndi umene umapereka phulusa lamoyo. Ine m'buku ndinkalemba tsiku loumba tailosi, osalemba tsiku lotentha phulusa, ndipo matumba ankasakanikirana m'nyumba yosungira. Matailosi onse olimba amene tinapangapo anachokera ku maola aja Che Sulemani anali ku mzikiti. Munthu yekhayo amene ankachita zolondola ndi amene ndinamuchotsa.

Tinaumba matailosi asanu ndi limodzi ndi thumba la Leticia, ndipo patatha milungu iwiri onse ananyamula kupitirira 55. Koma thumbalo linali limodzi. Ndikuuzeni zoona: m'milungu iwiri imeneyo ndinayesa kuzemba kupita kwa Che Sulemani. Ine ndi Jeremiya tinamata mabowo tokha katatu. Koyamba moto unazima. Kachiwiri phulusa linatuluka lakuda bii ngati makala. Kachitatu dothi linang'ambika, moto n'kulusa monga kale. Jeremiya anapukuta nkhope n'kunena, "Achemwali, kwa Mponda si kutali."

Ndinapita Loweruka m'mawa, wapansi. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akuwamba chambo pa waya, ntchito imene ankagwira asanabwere kwa ife. Atandiona anaitana akazi awo.

"Abiba, tabweretsani mpando, kwabwera abwana. Mkeka ayi, abwana a sayansi sakhala pansi."

Ndinakhala pansi pomwepo, pa dothi. Njira yonse ndinali nditakonza mawu ambiri, koma amene anatuluka ndi awiri okha. "Ndinalakwa, Che Sulemani."

"Munalakwa chiyani? Moto ndinausiyadi."

Ndinawafotokozera zonse, za mapoto, za thumba la Leticia, za matailosi asanu ndi limodzi aja. Anamvetsera akutembenuza nsomba. Nditamaliza anaseka mpaka kutsokomola, akazi awo n'kuwapatsa madzi.

"Ndiye mukuti phulusa lija linkapindula ndi swala yanga? Abiba, mukumva? Ine ndinkangoopa kuti mpanda wa udzu uja ungapse ine kulibe, a Faizal n'kundimangitsa. Moto ukaumana mpweya umagona, koma sufa. Taonani nsombazi. Mukazipatsa moto waukali zipserera kunja, m'kati muli muwisi, mawa mphutsi."

Ndinaganiza kuti zatha. Koma kuseka kuja kunazimiririka, ndipo anakhala pa chitsa moyang'anizana nane.

"Kalata yanu ija, mayi, ine Chizungu sindiwerenga. Nditaona envelopu yoyera, dzina langa lotaipa, ndinaganiza kuti mwandikweza pa ntchito. Ndinapita nayo pa sitolo pamene amakhala aphunzitsi madzulo, pali anthu, ine ndikumwetulira. Anandiwerengera mokweza, n'kumasulira liwu ndi liwu. Kusasamala. Zaka makumi atatu ndikusunga moto wa anthu, sindinawotchepo ngakhale khola la nkhuku."

Bambo, pamenepo ndi pamene ndinakuonani inu. Nkhani imeneyi sitinaikambepo, ndipo mundikhululukire poiyambitsa m'kalata. Ndinali Sitandade 5. Munapita kukaika maliro a Agogo ku Chiradzulu, ndipo munakhalako masiku atatu m'malo mwa awiri amene anakupatsani kuntchito. Mesenjala wa ku esiteti ya tiyi anabweretsa envelopu kunyumba. Munaiwerenga muli chiimire, munaipinda kanayi, n'kuiika kumapeto kwa buku lanu la nyimbo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za ukapitawo zinathera pamenepo, ndipo amene analembayo sanabwere n'komwe kudzakuonani kumaso. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti ndidzaphunzira kwambiri kuti munthu asadzandichite zimenezo. Sindinaganizepo kuti wokhala pa taipi ndidzakhala ine.

Ndinalira pamaso pa anthu achilendo, chinthu chimene mukudziwa kuti sindichita. Mayi Abiba anandifunditsa chitenje paphewa ngati ndikumva kuzizira. Che Sulemani anandisiya ndilire, kenako anati:

"Ndamva. Koma taonani: kalata inawerengedwa pagulu, kupepesa kwabwera kuseri kwa nyumba, mboni zake nsomba. Lolemba m'mawa ndidzaima pa geti pomwe paja. Mukadzanena mawu awiri omwewa antchito onse akumva, ndidzalowa. Mukadzalephera, sindikwiya, ndidzangobwerera ku nsomba zanga. Ndipo Lachisanu ndidzapitabe ku mzikiti."

Mukudziwa kuti ngakhale kuwerenga vesi ku Sande sukulu pamaso pa anthu ndinkaopa. Koma Lolemba ndinasonkhanitsa onse pa geti, oumba matailosi, a kuchigayo, mlonda uja, a Faizal amene, ndipo ndinanena mu Chichewa kuti ndinachotsa munthu wosalakwa, kuti wosasamala ndinali ine amene sindinkadziwa ngakhale kumene anzanga amapita Lachisanu, ndi kuti popanda iwo denga la sukulu silikhalapo. Mawu anga ankamveka ngati a mwana. Nditamaliza, Che Sulemani anakonza kachipewa kawo, n'kunena, "Basi, tiyeni, mankhusu akudikira." Anadutsa pambali panga kulunjika ku ng'anjo.

Mwezi wa Okutobala ndi umene ndaphunzira kwambiri m'moyo wanga wonse. Ndinatulutsa tebulo m'kachipinda kaja n'kuliika pansi pa msangu, pafupi ndi ng'anjo. Che Sulemani anandionetsa kuti samata mabowo onse monga ndinkaganizira. Amasiya kampata kamodzi kumbali imene sikukuchokera mphepo, ndipo mwera ukawomba amakasamutsa. Amaona mtundu wa utsi. Amaika dzanja pa khoma la ng'anjo n'kuwerenga mpaka atalephera kupirira. Nditafunsa kukula kwa kampatako anati zala ziwiri, ine n'kulemba zala ziwiri.

"Lembani kuti zala za Sulemani," anatero. "Za Jeremiyazo n'zonenepa ngati chinangwa, mudzawotcha mudzi."

Tinayezadi zala zawo ndi rula, Jeremiya akudandaula kuti zala zake n'zabwinobwino. M'buku tsopano muli malo a tsiku lotentha, ndiponso malo amene Leticia amalembamo yekha ngati phulusa lili lofewa kapena lokanda. Iye akakana thumba, silipita kwa oumba, ngakhale ine nditanena chiyani.

Lolemba lapitali injiniya uja anabwera. Anazungulira milu ya matailosi n'kusankha khumi, ena a pansi penipeni. Jeremiya ankaika tailosi pa timatabwa tiwiri, n'kukoleka ndowa pakati, n'kumathiramo mchenga woyezayeza. Ine sindinathe kuyang'ana, ndinkangomvera manambala. Tailosi lachisanu ndi chinayi linalira kuti tsee pa 48, ndipo Leticia anandigwira mkono mwamphamvu moti chipsera cha zikhadabo zake chikadalipo. Koma linapirira mpaka 54. Ena onse anapitirira pamenepo. Injiniya anasaina pepala lake, kenako anafunsa kuti tinasintha chiyani. Ndinamuloza Che Sulemani ndi Leticia, ndipo anakhala nawo ola lathunthu akulemba, ine ndikungomasulira.

Lole yoyamba inanyamuka Lachinayi. Leticia anakwera pamwamba pa katundu, anakana kukhala kutsogolo, akuti akufuna ana ake amuone akufika ndi denga. Amisiri akuti pofika Khirisimasi zipinda zonse zinayi zidzakhala zofolera.

Ndikuthokoza Mulungu, Bambo, ndipo sindikudziwa kuti ndiyambire pati. Ndikuthokoza kuti mayi uja anadandaula za poto wake ine ndili pakhonde. Ndikuthokoza a Faizal amene akanatha kundichotsa mu Seputembala koma anangondiyang'ana. Ndikuthokoza kuti anthu amene sindinawafunsepo kanthu anandiyankhabe nditafunsa mochedwa. Sindikudziwa ngati ndine mtsogoleri wabwino. Masiku ena ndimaonabe ngati wina abwera kudzanena kuti analakwitsa dzina. Koma tsopano ndikasowa yankho ndimatuluka panja.

Ndibwera pa Khirisimasi ngati msewu udzalola. Muwauze Amayi kuti nsapato zija zinandikwana, ndipo asadandaule, ndikudya. Ngati angandipezere tiyi wa masamba akuluakulu uja, andisungire mapaketi awiri, imodzi ndikufuna kukapatsa mayi Abiba. Moni kwa Jeffrey, mumuuze alimbikire masamu, ndipo moni kwa azakhali ndi onse a ku mpingo amene amandifunsa. Akakufunsaninso za ntchito yanga, muziwauza kuti ndimathandiza anthu atatu kupanga madenga.

Pamodzi ndi kalatayi mulandira phukusi la chambo chowamba. Si ine ndagula, ndi mphatso ya Che Sulemani. Dzana tili pa ng'anjo ndinawauza za inu, za maliro a Agogo ndi za envelopu ija. Ndikhululukireni ngati ndinaulula zosayenera. Anapitiriza kumata dothi, kenako anandiitana ndi dzina limene sanandiitanepo nalo.

"Mwana wanga," anatero, "ukawalembera bambo ako uwapatse moni wanga. Uwauze kuti kalata yanga ndinaisonkhezera moto tsiku lomwe ndinabwerera. Ngati yawo akadali nayo, atumize kuno. Ng'anjoyi ndi yaikulu."

Adiresi ndi yomwe ili pamwambayo, Bambo.

Ine mwana wanu wokukondani,
Jestina